Kufunsidwa kaye kapena kukana wekha: Europe ndi California pa nkhani ya data yanu

Ku California, m'dziko la America, lamulo loteteza data ya anthu lotchedwa CCPA linayamba 2020, ndipo kampani itha kugulitsa data yanu osakufunsani, bola iike linki yoti "Do Not Sell or Share My Personal Information" (kutanthauza kuti musagulitse kapena kugawa data yanga) pa webusayiti yake. Mukadina, ali ndi masiku 15 ogwira ntchito oti asiye, komanso asakuvutitseninso ndi pempho loti muwalole kugulitsa mpaka patadutsa miyezi 12. Ana osakwana zaka 16 okha ndiye amayenera kuvomera kaye, ndipo osakwana zaka 13 amawavomerera ndi makolo awo. Koma kunena zoona ndi angati amatsika mpaka pansi pa peji kukasaka kalinki kameneko? Mwayi wake bulauza yokhala ndi Global Privacy Control, chizindikiro chouza mawebusayiti kuti asagulitse data yanu, imakukanirani yokha ndipo kampani ikuyenera kumvera.

Ku Europe lamulo lawo loteteza data, GDPR ya 2018, ndi losiyana, kampani ikadalira chilolezo chanu iyenera kufunsa isanagawe, kabokosi kochongeratu sikawerengedwa ngati mwavomera ayi, ndipo kubweza chilolezocho kuzikhala kophweka ngati mmene munaperekera. Chindapusa chake chimafika 4% ya ndalama zonse zomwe kampani yapeza pa chaka.

Ine ndaikonda ya Europe, ngakhale timauthenga topempha chilolezo cha makuki (timafayilo tomwe webusayiti imasunga mu bulauza yanu) timene timatulukira paliponse timatopetsa zedi, ambiri amangodina kuvomera kuti tichoke.