Msika wa Toyosu ku Tokyo: lawirirani

Ngati mukufuna kuona msika wa Toyosu ku Tokyo, m'dziko la Japan, musagonereze. Malonda a nsomba zikuluzikulu za tuna amayamba cha m'ma 5:30 m'mawa, ndipo pasanathe ola ndi theka zonse zimakhala zagulidwa. Msikawu unatsegulidwa mu 2018 kulowa m'malo mwa wa Tsukiji, ndipo polowa salipiritsa.

Chomwe chinandigwira mtima ndi kasankhidwe ka nsomba. Amaziyala pansi zitaumiratu ndi chisanu, iliyonse itadulidwa kumchira. Wogula amawerama, n'kuunika ndi tochi pamene padulidwapo, kenako amafikisa kamnofu ndi zala kuti amve mafuta ake. Salankhula zambiri ayi, ngakhale mtengo amautchula ndi zala zomwezo.

Kunyumba ya zipatso ndi ndiwo zamasamba, katoni iliyonse imanena kwawo: maapozi a ku Aomori, wasabi (muzu wowawa wokometsera chakudya) wa ku Shizuoka, anyezi ndi mbatatesi za ku Hokkaido.

Chondidandaulitsa n'chakuti alendofe timaonera pagalasi tili m'mwamba, ndiye phokoso la msika silimveka bwino. Koma sushi (mpunga wophatikiza ndi nsomba yaiwisi) ya m'malesitilanti a mumsikamo njokoma zedi, pamzere ndinaimapo mosadandaula. Lamlungu msikawu satsegula.