Ma die a zipolopolo za mfuti zazitali pa pulesi ya progressive: ogula ndi osiya

Ma die ndi zitsulo zomangidwa pa pulesi zimene zimakonza makoko a zipolopolo kuti adzazidwenso. Ambiri ali ndi mazinga ofanana, a 7/8-14, choncho a Redding, Forster, RCBS, Hornady ndi Lee onse amamangika pa mapulesi ngati Dillon XL750, RL550C kapena Hornady Lock-N-Load AP. Koma kumangika sikutanthauza kuti agwira bwino ntchito. Pa pulesi ya progressive makoko anayi kapena asanu amakwera nthawi imodzi, mbale yowanyamula imapendekeka pang'ono, toolhead (chitsulo chomwe ma die amamangidwapo) imasewera, ndipo ma die amakhala mothinana. N'chifukwa chake kugula seti imodzi ya kampani imodzi nthawi zambiri sikukhutiritsa. Ndi bwino kusankha die iliyonse malinga ndi ntchito yake.

Yofunika kwambiri ndi die yobwezera khoko mu msinkhu wake. Gulani ya full length, yofinya khoko lonse. Ija yofinya khosi lokha, monga Lee Collet, isiyeni: pakapita maulendo angapo phewa la khoko limasunthira kutsogolo, bolt (chotsekera cha mfuti) n'kuyamba kulimba potseka, ndipo pa mfuti ya semi-auto (yodzilowetsera yokha chipolopolo chotsatira) chipolopolo chimangokana kulowa.

Kwa wopanga .223 Remington kapena .308 Winchester zambirimbiri, die ya Dillon ndiyo yosavutitsa. Kampira kake kotambasula khosi n'ka carbide (cholimba kuposa chitsulo wamba), kamatuluka mosakoka kwambiri, ndipo khoko likakanirira mkati mumalikankha ndi ndodo yomweyo yochotsera primer (kachitsulo ka kutsinde koyatsa wonga), osaboola chilichonse. Ya carbide thupi lonse iliponso, koma musapusitsike ndi dzinalo. Khoko lokhala ndi phewa limafuna mafuta ndithu, die ikhale ya carbide kapena yachitsulo wamba. Ubwino wa carbide ndi kusatha msanga basi, ndipo munthu wopanga zipolopolo mazana ochepa pa mwezi sadzaitha n'komwe yachitsuloyo. Mafutawo, kaya Hornady One Shot kaya a lanolin a Dillon, asiyeni aume kaye musanayambe. Akachepa khoko limakanirira, akachuluka phewa limatuluka ndi timaenje.

Forster Bench Rest ili ndi luso lina. Kampira kake kali m'mwamba pafupi ndi khosi, moti kamayamba kutambasula khosilo khoko likadali logwiridwa ndi die, ndipo khosi limatuluka lowongoka. Redding Type S imagwiritsa ntchito bushing, kamphete kosinthika kofinya khosi: mumayeza khosi la chipolopolo chomalizidwa, n'kuchotsapo inchi 0.001 kapena 0.002, ndiye saizi ya bushing yanu. Imachita bwino pa makoko a kampani imodzi. Pa makoko otoleza osakanizika, omwe makosi ake ndi osiyana kukhuthala, bushing imodzi imagwira mitu ya zipolopolo ina molimba, ina mofooka. Pamenepo ndalama zangopita.

Nanga small base ya RCBS? Imafinya tsinde la khoko mowonjezera pang'ono. Imathandiza pa makoko amene anawomberedwa mu mfuti za chamber (malo olowa chipolopolo) chachikulu, makamaka 7.62 a asilikali, komanso pa semi-auto ya chamber chothina. Ngati makoko anu akulowa kale bwino mu geji yoyezera khoko, simukuifuna, ingowalemetsa ntchito.

Kukhazikitsa die yofinya khoko ndi pomwe ambiri amalakwitsa, kenako n'kumadzudzula die. Malangizo akuti imangeni mpaka igunde mbale n'kuwonjeza pang'ono ndi oyambira chabe. Yezani phewa la khoko lowomberedwa mu mfuti yanu ndi zoyezera za caliper ndi comparator ya Hornady, ndipo tsitsani die pang'onopang'ono mpaka phewa libwerere inchi 0.002 pa mfuti ya bolt, kapena 0.003 mpaka 0.004 pa semi-auto. Kuzungulira kumodzi kwa mazinga a 14 pa inchi kumatsitsa die pafupifupi inchi 0.071, choncho kukhotetsa kochepetsetsa kumasintha zambiri. Chitani zimenezi malo onse a pa mbale ali ndi makoko, ndipo mangani nati yogwira die khoko lili mkati mwa die, chogwirira cha pulesi chili pansi. Mukakhazikitsa ndi khoko limodzi lokha, mbale ikadzadza muyeso umasintha. Phewa likabwerera mopitirira, khoko limatambasuka pafupi ndi tsinde ulendo uliwonse mpaka kudukira m'chamber. Geji ya L.E. Wilson kapena ya Dillon izikhala pambali panu.

Pali chinanso chimene ogulitsa sakonda kutchula. Makoko a mfuti zazitali amatalika akafinyidwa. Malire a .223 ndi inchi 1.760 ndipo amadulidwa kufika 1.750, a .308 ndi 2.015, odulidwa kufika 2.005. Kudula kumabwera pambuyo pa kufinya, ndiye ntchito imagawika maulendo awiri, ndi ma toolhead awiri. Ulendo woyamba ndi wochotsa primer, kufinya ndi kudula, mwina ndi Dillon RT1500 yomangidwa pa trim die yake. Kenako mumatsuka mafuta, ndipo ngati makoko ndi a asilikali mumakonza malo a primer omwe anapanidwa. Ulendo wachiwiri ndi wa primer, wonga ndi mutu. RCBS X-Die imachepetsa kudulaku: mumadula kamodzi inchi 0.020 pansi pa malire, kenako ndodo yake imaletsa khoko kutalika kwambiri.

Pa ulendo wachiwiriwo malo oyamba amatsala opanda ntchito. Ikanipo Lee Universal Decapping Die, yotchipa, kuti izichotsa tizinyenyeswa totsalira m'kabowo ka moto. Ngati mitu yanu ndi ya tsinde lathyathyathya ndipo imagwa mbale ikamazungulira, Lyman M die pamalo omwewo imatsegula kamwa la khoko pang'ono kuti mutu ukhazikike.

Die yokhazika mutu ndiyo yoyenera kuwonongerapo ndalama. Ya Dillon ndi yolimba koma ilibe micrometer (chopotokolera chokhala ndi zizindikiro za muyeso), ndiye posintha mtundu wa mitu mumangoyesa n'kuyeza, kuyesa n'kuyeza. Forster Ultra Micrometer ndi Redding Competition zili ndi mkono wotsetsereka umene umagwira khoko ndi mutu molunjika kukankha kusanayambe, ndipo zizindikiro zake ndi za inchi 0.001. Ya Redding siifuna wonga wodzadza mpaka kupanikizidwa ndi mutu, chifukwa ndodo yake imawonongeka. Hornady Custom Grade ili pakatikati: mkono wake umalendewera pansi n'kulandira mutu msanga, zomwe zimapulumutsa zala. Pa mitu yosongoka kwambiri ya VLD gulaninso ndodo yake yapadera, apo ayi nsonga imagunda kumapeto kwa ndodo ndipo kutalika kumasiyanasiyana. Kumbukirani kuti magazini ya AR-15 imalola inchi 2.260 basi.

Kupana kamwa kukhale pa malo akeake, osati mu die yokhazika mutu. Mukaphatikiza, khoko lotalikirapo limapanidwa mutu ukadali kutsika, phewa n'kutupa. Lee Factory Crimp Die imapana kuchokera m'mbali ndi collet (mphete yong'ambika yofinya mozungulira), choncho siivutika kwambiri makoko akasiyana kutalika pang'ono. Ya Dillon ndi ya taper (yocheperachepera mkati), imafuna makoko odulidwa mofanana. Pa mfuti ya bolt, khosi likamagwira mutu ndi inchi 0.002, kupana sikofunika.

Pa XL750, malo achitatu asiyireni chipangizo choona wonga. RCBS Lock-Out ndi ya makoko owongoka a mfuti zazifupi. Pano mukufuna Dillon Powder Check kapena Hornady Powder Cop. Wonga wa timitengo ngati Varget umatha kutsekeka pa khosi laling'ono la .223, khoko limodzi n'kulandira wochepa, lotsatira wochuluka. Wa timibulu ngati H335 umatsika bwino. Mlingo wa wonga tengani m'buku la opanga wongawo, kuyambira wotsika.

Pomaliza, manati. A Forster ndi otambalala ndipo pa toolhead ya Dillon amagundana. Sinthani ndi a Dillon a inchi imodzi, omwe sipanala imawafikira. Ma die a Lee ndi aafupi, nthawi zina mazinga satsala pamwamba, ndiye natiyo imangeni kunsi kwa toolhead.