Neti ya pamsika, neti wamba, ya PBO kapena ya chlorfenapyr: mwana agone mu iti?

Mvula ikangoyamba kuno ku Blantyre, anzanga a kuntchito ndi a kumpingo amayamba kundifunsa funso limodzi lomwelo: "Achimwene, inu munaitsata bwino nkhani ya manetiyi, kodi onsewa si amodzimodzi?" Si amodzimodzi ayi. Ndiye ndiyankhe pano kamodzi n'kamodzi. Za kukula kwake, mtundu wake, kaya yamakona anayi kaya yozungulira, sindinenapo. Aliyense ali ndi maso. Ine nkhani yanga ndi ya mankhwala omwe ali mu ulusiwo.

Ndiyambe ndi yomwe ndili nayo mangawa, neti ya pamsika. Ana akupita kutchuthi kwa agogo awo ku Nchalo, ndinagula neti ku Limbe. Inali yokongola, yofewa, ya malesi m'mphepete, m'pepala lowala lokhala ndi chithunzi cha khanda likugona mwamtendere. Wogulitsa anachita kulumbira: "Bwana, iyi ndi yonyika kale, udzudzu ukangoinunkhiza wagwa." Mtengo wake unalinso wa chinthu chonyika. Wamng'ono anabwerako thupi likutentha, kuchipatala atamuyeza akuti malungo. Agogo ake ananenetsa kuti mwana ankagona mu neti tsiku ndi tsiku, koma m'mawa mkono womwe watsamira neti unkadzuka uli zidzolo zokhazokha. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo ataiona anangofunsa kuti, "Nanga lebulo yake ili kuti?" Panalibe. Neti ya mankhwala yeniyeni imakhala ndi kansalu kosokerera pamsoko, kolembedwa dzina lake, mankhwala omwe alimo ndi nthawi yomwe inapangidwa. Yanga ija inali katani chabe. Neti yopanda mankhwala imatchinga pokhapokha thupi lisaikhudze, koma mwana wake uti amagona mowongoka usiku wonse? Udzudzu umatera panja n'kulowetsa mlomo pa tizibowo. Mukawerengera minibasi yopita kuchipatala, masiku ojomba kuntchito ndi mantha a usiku uja, neti imeneyo ndi yodula kuposa ina iliyonse yomwe ndinagonamo. Kwa ine siili n'komwe pa mpikisano.

Yachiwiri ndi neti wamba ya mankhwala, yomwe ambirife tinakulira. Imakhala ndi mankhwala a banja limodzi lotchedwa pyrethroid: permethrin, deltamethrin kapena alpha-cypermethrin. Permethrin ndi deltamethrin anapezeka cha m'ma 1970 ku Rothamsted ku England, gulu la Michael Elliott likufuna mankhwala oteteza mbewu potengera duwa la pyrethrum lomwe amalima ku Kenya ndi ku Tanzania. Amagwira minyewa ya kachilombo, ndipo udzudzu womva mankhwala umagwa m'mphindi zochepa. Vuto ndi lakuti wathu sukumvanso. Banja lomwelo la mankhwala takhala tikupopera thonje, tomato ndi kabichi, tikugoneranso m'maneti kwa zaka zambirimbiri, ndiye udzudzu womwe unkapulumuka ndi womwe unaswana. Ku Chikwawa kuli mtundu wa udzudzu wotchedwa Anopheles funestus, katswiri pofalitsa malungo, womwe akafukufuku a ku Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno aufufuza kwambiri. Anapeza kuti thupi lake limapanga ma enzyme ochuluka omwe amaphwanya poizoni asanafike ku minyewa. Majini (tizinthu ta chibadwa totengera kwa makolo) awiri opangitsa ma enzyme amenewa omwe amatchulidwa kawirikawiri ndi CYP6P9a ndi CYP6P9b, ndipo mu 2019 anasonyeza kuti udzudzu wokhala ndi CYP6P9a wosamva uja umapulumuka kwambiri pa neti wamba, umalumanso kwambiri. Neti wamba yosang'ambika ikuposabe ya ku Limbe ija kutalitali, koma pa maneti a mankhwala ili kumapeto.

Tsopano ya PBO. Iyi ndinali nayo pamtima, ndipo mpaka pano ndikaimva ikunyozedwa ndimaiikira kumbuyo. PBO ndi mankhwala omwe amawonjezera pa pyrethroid mu neti, ndipo payekha sapha udzudzu. Ntchito yake ndi kutseka ma enzyme aja kuti pyrethroid adutse mpaka kukafika ku minyewa. Kwa udzudzu ngati wa ku Chikwawa, womwe chida chake chachikulu ndi ma enzyme omwewo, nzeruyi ikulasa penipeni. Kafukufuku wa ku Muleba ku Tanzania ndi amene anachititsa bungwe la WHO kuyamba kuvomereza maneti amenewa mu 2017. Awiri omwe mungakumane nawo ndi Olyset Plus ndi PermaNet 3.0. Olyset Plus ndi yolimbirako pokhudza, permethrin ndi PBO zili m'kati mwa ulusi paliponse. PermaNet 3.0 ndi yofewa m'mbali, koma PBO ali padenga pokha. Musathamangire kunena kuti akutibera, chifukwa udzudzu umatsata kutentha ndi mpweya wa munthu zomwe zimakwera m'mwamba, ndiye nthawi yambiri umaithera padengapo.

Chomwe satiuza potipatsa ndi chakuti PBO ndi amene amayamba kuthawa. Neti ikuoneka yabwinobwino, mtundu sunasuluke, bowo palibe, koma chomwe chinkaisiyanitsa ndi neti wamba chikutha. Pa kafukufuku wamkulu wa ku Misungwi, ku Tanzania komweko, neti ya PBO inaposa neti wamba chaka choyamba, koma pofika chaka chachiwiri kusiyanako kunali kutazilala. Tsono ganizirani mmene timachapira kuno. Fumbi la Okutobala la ku Bangwe kapena ku Machinjiri, utsi wa mbaula m'nyumba ya chipinda chimodzi, neti siyichedwa kuda. Mayi akunyumba, omwe safuna zoti mlendo aone chinthu chakuda pabedi, amaiviika m'beseni ndi sopo waufa, kuifikisa bwinobwino, n'kuiyanika pachingwe dzuwa lili paliwombo. Ndipo mbali yomwe imagwira fumbi kwambiri ndi denga, pomwe pali PBO yense wa PermaNet 3.0, ndiye ndi pomwe pamafikisidwa koposa. Maneti amenewa amayesedwa kuti apirire kuchapidwa ka 20 pa zaka zitatu, kuchapa kwake kofatsa. Amene amachapa kumapeto a mwezi uliwonse amakwanitsa nambalayo zaka ziwiri zisanathe, ndipo kachapidwe kathu si kofatsa. Kunyumba kwathu tinakangana ndithu pa nkhaniyi mpaka tinagwirizana: sopo wamtanda, madzi ozizira, osafikisa, kuyanika pamthunzi, ndipo kuchapa pokhapokha yada zenizeni. Masiku ena timangoikung'untha. Neti ya PBO ndi yabwino kwambiri ikadali yatsopano. Ikafika chaka chachiwiri muziiwerengera ngati neti wamba, musamaidalire mopitirira.

Pali inanso ya pyriproxyfen, monga Royal Guard, yomwe imachititsa udzudzu waukazi kulephera kubereka. Nzeru yake ndi yokoma kumva, koma ku Misungwi ndi ku Benin sinaonetse kusiyana kooneka ndi neti wamba. Mukapatsidwa igwiritseni ntchito, koma ine sindingaisake.

Yomwe yandilanda mtima ndi ya chlorfenapyr. Dzina lodziwika ndi Interceptor G2 ya kampani ya BASF, ndipo pali inanso ya PermaNet Dual. Chlorfenapyr naye anayamba ngati mankhwala a kumunda. Akatswiri a American Cyanamid anamukonza cha m'ma 1980 potengera poizoni wopangidwa ndi bakiteriya wa m'nthaka wa mtundu wa Streptomyces. Chosangalatsa ndi mmene amaphera. Akalowa m'thupi la udzudzu amakhala asanakhale poizoni weniweni, ndipo ma enzyme a m'thupimo, a gulu lomwe lija limaphwanya pyrethroid, ndi amene amamusandutsa wakupha. Sagwiranso minyewa. Amapita kumene maselo amapangira mphamvu n'kusokoneza kumeneko, ngati chigayo chomwe lamba wake wavuka: injini ikulira, dizilo akutha, koma ufa sukutuluka. Udzudzu ukamauluka kwambiri usiku kusaka magazi ndi pomwe mankhwalawa amagwira bwino.

Ndiye apa ndi pomwe anthu amailakwira neti imeneyi. Imapha mochedwa, tsiku limodzi mpaka masiku atatu. Mnzanga wina wa ku Chilomoni anati, "Iyi ndi yabodza, m'mawa sindikupeza udzudzu wakufa pansi." Saupeza chifukwa ukukafera kwina. Kachilombo ka malungo kamafuna masiku 10 kapena kuposerapo m'thupi la udzudzu kasanakonzeke kulowa mwa munthu wina, ndiye udzudzu womwe waluma wodwala lero n'kufa mkucha sunapatsire aliyense. Manambala akuikira umboni. Ku Misungwi, pa zaka ziwiri, ana a m'midzi ya Interceptor G2 anadwala malungo mochepera ndi 44 peresenti poyerekeza ndi a m'midzi ya neti wamba. Ku Benin kusiyana kunali 46 peresenti. Mu Malichi 2023 bungwe la WHO linalimbikitsa mwamphamvu kuti kumene udzudzu sukumva pyrethroid azigawa maneti oterewa m'malo mwa neti wamba. Kuno kwathu ena anayamba kulandira pa kugawa kwa 2021, pomwe maboma osiyanasiyana anapatsidwa mitundu yosiyanasiyana.

Zofooka ili nazo. Masiku oyambirira imayabwa kumaso, makamaka ukaitsamira uli ndi thukuta, chifukwa ilinso ndi pyrethroid. Itambasuleni pamthunzi tsiku lathunthu musanagonemo. Ulusi wake ndi wofewa, ndiye msomali wa pabedi, m'mphepete mwa mphasa kapena khoswe sizichedwa kuiboola. Singano ndi ulusi zikhale pafupi.

Chinanso chomwe chimatisokoneza ife a m'tauni ndi phokoso. Udzudzu wambiri womwe umatiimbira m'khutu ku Ndirande kapena ku Mbayani ndi wa mtundu wa Culex, woswana m'ngalande ndi m'zimbudzi. Ndi wovuta, sumva mankhwala ambiri, koma sufalitsa malungo. Anopheles amakonda madzi oyererapo, ndipo amachuluka mukatuluka m'tauni kulowera ku Chileka, ku Lunzu, makamaka mukatsika zitunda za ku Thabwa kulowa m'chigwa cha Shire. Choncho kuweruza neti potengera kulira komwe mukumva ndi kuweruza mlandu wa munthu wina.

Za nsikidzi ndinene mwachidule, poti nkhaniyi imabuka nthawi iliyonse akagawa maneti. Neti siibwera ndi nsikidzi. Pyrethroid amazinyanyula, zimatuluka m'ming'alu momwe zinabisala kale, ndipo zambiri sizikufanso ndi mankhwala amenewo. Makoyilo ndi mankhwala opopera a m'chitini nawonso ambiri ndi a banja lomwelo la pyrethroid. Amathandiza madzulo mukucheza pakhonde, koma mphamvu yake siifika m'bandakucha, pomwe Anopheles akadali pantchito, ndipo ndalama yake imatuluka sabata ndi sabata.

Ena amandifunsa ngati chlorfenapyr naye sadzatha mphamvu. Mankhwala alionse ogwiritsidwa ntchito okha kwa nthawi yaitali amafika pamenepo, ndipo ife a ku Blantyre mbiri imeneyi tikuidziwa kuchokera ku mapiritsi. Mu 1993 Malawi linali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine chifukwa kachilombo ka malungo sikankamumvanso. Atamuyesanso ku Ndirande mu 2005, anachiza ana 99 pa 100 alionse, chifukwa tizilombo tosamva tija tinali titachepa pa zaka zomwe mankhwalawo sankagwiritsidwa ntchito. Phunziro lomwe akatswiri a udzudzu amatengapo ndi la kusinthasintha mankhwala, ndipo n'chifukwa chake a Malaria Alert Centre ndi a Malawi-Liverpool-Wellcome, pafupi ndi chipatala cha Queens pompa, amagwira udzudzu m'maboma n'kumauyesa. Kunja nako sakugona. Mu 2025 gulu la ku Harvard linasonyeza kuti mankhwala otchedwa ELQ, atapakidwa pa ulusi wa neti, amalowera m'miyendo ya udzudzu n'kupha kachilombo ka malungo m'kati, udzudzuwo n'kutsala wamoyo. Zikadali m'labu, ndiye wina akakuuzani pamsika kuti ali nayo, gwirani chikwama chanu.

Ndikudziwa kuti pa kugawa kwa boma kapena kusikelo munthu susankha, umalandira yomwe yabwera. Koma m'nyumba zambiri muli maneti osakanikirana: ina ya kusikelo, ina yochokera kwa achibale a boma lina, ina yakalekale. Chisankho chili pamenepo. Tembenuzani misoko, pezani kansalu kaja, muwerenge. Yolembedwa chlorfenapyr ipite kwa mayi woyembekezera ndi ana osakwana zaka zisanu, ndipo ndi yomwe izilowa m'chikwama pa ulendo wa kuchigwa kapena kunyanja. Ya PBO yatsopano ibwere pambuyo pake. Ya PBO yomwe yadutsa chaka ndi neti wamba zitsalire ife abambo. Ngati mukugula, wogulitsa akuonetseni lebulo ndalama isanachoke m'thumba, ndipo ikakhala yolembedwa kuti si yogulitsa, dziwani kuti pali mwana wina amene anayenera kugonamo.