RFID, Wi-Fi, Bluetooth kapena UWB: ndi iti ingapeze munthu pansi pa mgodi?

Pansi pa nthaka GPS sigwira, mafunde a setilaiti sabowola thanthwe. Ku Sago, m'chigawo cha West Virginia ku America, mumgodi wa malasha munaphulika mu Januwale 2006. Opulumutsa anatha maola oposa 40 asanafike pamene panali antchito amene anatsekeredwa pansi, ndipo 12 anamwalira. Chaka chomwecho dziko la America linakhazikitsa lamulo la MINER Act, lokakamiza migodi ya malasha kukhala ndi zida zolondolera antchito.

RFID, njira yowerenga nambala ya kachipangizo kudzera pa mafunde a wailesi, ndiyo yofala m'migodi. Kachipangizo kake kamakhala pa nyali ya pachipewa, munthu akadutsa pa chowerengera cha pamphambano, nambala yake imaoneka pa kompyuta kumtunda. Imapirira fumbi ndi chinyezi, mtengo wakenso ndi wofikirika. Koma imangokuuzani pamene munthu anadutsa komaliza. Zowerengera zikatalikirana, opulumutsa afufuza ngalande yonseyo.

Wi-Fi imakopa mabwana chifukwa netiweki imakhala ilipo kale, koma imaphonya ndi mamita 5 mpaka 15, ndipo imadya batire. Bluetooth imayandikirako, imaphonya mamita ochepa, kabatire kake kamatha chaka kapena kuposa. Zonse ziwirizi nthawi zambiri zimayerekeza mtunda poona mphamvu ya mafunde. Pamalo odzaza mapaipi, njanji ndi makina, mafundewo amanjanja pazitsulo, munthu n'kuoneka ali kuseri kwa khoma pamene kulibe.

UWB (ultra-wideband), njira inanso ya mafunde a wailesi, imayeza nthawi imene funde latenga kuti lifike, motero imalozera mpaka masentimita 10 mpaka 30. Kukongola kwake kumaonekera pafupi ndi makina: woyendetsa chigalimoto chonyamula miyala sakuona mnzake wowerama kumbuyo m'fumbi, koma belu lalira, chigalimoto chaima. Moyo wapulumuka pamenepo! Kungoti imafuna zolandirira mafunde zambiri ndi mawaya ake, kuyala m'ngalande za makilomita ndi ndalama zosaneneka.

Ine ndingaike RFID m'ngalande zazitali, zowerengera zili pafupipafupi, UWB n'kuisiyira pamene anthu ndi makina amakumana. Kumene kuli mpweya wophulika wa methane, chipangizo chopanda chiphaso cha ATEX kapena IECEx, chotsimikiza kuti sichingayatse mpweyawo, chisatsike n'komwe, kamoto kamodzi kakwana.

Wogulitsa akayamba kutama masentimita, mufunseni kuti magetsi akazima, waya n'kuduka ndi mwala, chidacho chipitiriza kulankhula kwa maola angati.