Mafuta a fungo ochokera m'kasitolo kena ka pa Nchalo: zimene ndaona pa miyezi itatu

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa litakwiya monga limachitira kuno ku Chigwa cha Shire, ndinagula timabotolo tinayi ta mafuta a fungo otchedwa essential oils m'kasitolo kena ka zodzoladzola pa Nchalo. Munali a lavenda (chomera cha maluwa onunkhira), a bulugamu, a citronella (udzu wonunkhira ngati mandimu) ndi a tea tree (mtengo wina, osati wa tiyi wakumwa), kabotolo kalikonse ka mamililita 10, komanso kambiya kadothi kokhala ndi poika kandulo pansi ndi kambale ka madzi pamwamba. Wogulitsayo anali mayi waulemu ndi wansangala, koma analonjeza zambiri kuposa zimene timabotoloti tingathe kuchita, ndipo n'chifukwa chake ndalemba izi.

Mafutawa si ophikira, ndipo si odzola mwachisawawa. Aliyense amene anaonapo kachasu akutchezedwa angamvetse msanga mmene amapangidwira: nthunzi imadutsa m'masamba kapena m'maluwa n'kunyamula fungo lake, imakazizira mumpope n'kusanduka madzi, ndipo timafuta tochepa timayandama pamwamba. Dokotala wa ku Persia, Ibn Sina, yemwe anamwalira mu 1037, amatchulidwa kawirikawiri pa luso lotcheza maluwa a rozi, ngakhale kuti Aigupto akale anali atayamba kale kufukiza lubani ndi mure, zomwe ambirife timangozidziwira m'Baibulo. Liwu lakuti aromathérapie, kutanthauza kuchiza ndi fungo, linatchuka ndi buku la mu 1937 la katswiri wa ku France, René-Maurice Gattefossé, amene anapsa manja mu labotale mu 1910 ndipo ankanena kuti mafuta a lavenda anathandiza kuti mabalawo apole.

Lavendayo ndiye wandikhutiritsa koposa. Usiku umene malata amakhala akadali otentha mpaka 10 koloko, munthu n'kumangotembenuka pamphasa thukuta lili kamukamu, ndimadontheza madontho atatu m'kambale kaja n'kuyatsa kandulo kwa theka la ola. Kutentha sikuchepa ngakhale pang'ono, koma mtima umakhala m'malo ndipo tulo sitivuta kubwera monga kale. Kanduloyo ndimayizimitsa ndisanagone, chifukwa neti ndi moto sizigwirizana.

A bulugamu anandikumbutsa nthawi ya COVID-19, pamene makomo ambiri ankawiritsa masamba a mtengowu, womwe kwawo ndi ku Australia, n'kumadzifukiza atafunda bulangete. Mphamvu yake ili m'mankhwala achilengedwe otchedwa cineole, amene amachititsa mphuno kumva kuzizira ndi kutseguka. Chimfine chitandigwira mvula yoyamba itagwa, madontho awiri m'beseni la madzi otentha, chitenje chili kumutu ndiponso maso ali chitsinzinire, anandithandiza kupuma bwino usiku umenewo, ngakhale chimfinecho chinatha pa nthawi yake. Mafuta amenewa sayenera kuyandikira nkhope ya mwana wamng'ono, chifukwa angamusokoneze kapumidwe, koma m'sitolomo palibe amene anandichenjeza zimenezi.

Pa citronella m'pamene ine ndi wogulitsayo tinasiyana maganizo. Iye anati, "Bambo, mukangoyatsa awa, neti ija muipinde, udzudzu sufikanso pakhomo panu." Ndinayesa pakhonde m'mwezi wa Disembala, nthawi imene madzi amadikha m'ngalande za m'minda ya nzimbe ndipo udzudzu umabwera ngati waitanidwa. Kwa kanthawi kochepa unachepadi pafupi ndi kambiyako, koma kamphepo katangowomba fungo linabalalika, ndipo ola lisanathe ndinali nditayamba kudziwomba m'miyendo. Umu ndi mmene citronella alili: amauluka msanga, choncho chitetezo chake sichingafike m'bandakucha, pamene udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku munthu ali m'tulo. Kuuza munthu wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje kuti apinde neti yake chifukwa cha kabotolo ka fungo ndi kusewera ndi moyo wa ana ake, ndipo nditabwererako ndinawauza mayiwo zimenezi mwaulemu koma mosapita m'mbali.

Ndinadonthezanso mafuta a citronellawo papepala loyera n'kulisiya tsiku lonse. Mafuta enieni ambiri amauluka osasiya banga lonona, koma awa anasiya kabanga konyezimira, zomwe zikundichititsa kukayikira kuti anasakanizidwa ndi mafuta ena otchipa. Pa kabotolo kake panalibenso dzina la sayansi la chomeracho kapena dziko limene anachokera, pamene pa ka lavenda panalembedwa bwinobwino kuti Lavandula angustifolia.

A tea tree ndinalakwitsa ndekha powapaka osasungunula pa kachiphuphu ka pachibwano, ndipo khungu linafiira n'kumanyerenyesa masiku awiri. Kachitidwe koyenera ndi kusakaniza madontho awiri mu supuni yaing'ono ya mafuta ofatsa, monga a kokonati kapena a malambe, omwe mitengo yake ili mbwee m'chigwa chino. Kumwa mafuta a tea tree n'koopsa, choncho kabotoloko kamakhala pamwamba pa kabati, kumene adzukulu anga safikira.

Chimene chinandidandaulitsa m'sitolomo ndi kasungidwe. Timabotolo tina anatiyalika pawindo loyang'ana kumsewu, kuno kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kuwala ndi kutentha ndizo zimawononga mafuta oterewa. Mabotolo ake amakhala a galasi lakuda pa chifukwa chomwechi. Amene akufuna kugula apemphe a m'katoni ya kuseri, aone ngati chitsekerero sichinatsegulidwepo, ndipo anunkhize asanalipire. Ine ndidzagulanso a lavenda ndi a bulugamu, omwe ndimasunga pansi pambali pa mtsuko wa madzi akumwa, koma a citronella akadali theka m'kabotolo, ndipo neti ikadali chipachikire pamalo pake.