Slurm, kapitawo wa mzere pa makompyuta akuluakulu

Ngati mwayamba kafukufuku wofuna kompyuta yamphamvu, kaya wa zanyengo kaya wa majini, pulogalamu ya Slurm mukumana nayo posachedwa. Ine ndimaigwiritsa ntchito pa cluster ya kuyunivesite, kutanthauza makompyuta ambiri olumikizidwa pamodzi, poyendetsa masamu olosera mvula, ndipo ndimaikonda kwambiri.

Ntchito yake ndi kugawa malo. Mapurosesa, tizipangizo towerengera masamu mu kompyuta, alipo mazanamazana, koma owafuna ndife ochuluka. Umalemba kafayilo konena kuti ukufuna mapurosesa angati, memory yochuluka bwanji, kwa maola angati, n'kukatumiza ndi lamulo lotchedwa sbatch. Basi, walowa pamzere. Pulogalamuyi inabadwira ku Lawrence Livermore National Laboratory ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndi yaulere, ndipo ambiri mwa makompyuta amphamvu kwambiri padziko amayendera yomweyi.

Chimene chinandikopa ndi backfill. Tinene kuti ntchito imene ili kutsogolo ikufuna mapurosesa 64, pomwe opanda chochita alipo 40. Pakanakhala kuti woyamba kufika ndiye woyamba kulowa, 40 aja akanangokhala mpaka ena amasuke. Slurm silola zimenezo. Imawerengera nthawi imene ntchito yaikuluyo idzayambe, kenako imafufuza kumbuyo kwa mzere kantchito kamene kangathe nthawiyo isanakwane, n'kukalowetsa. Zili ngati kuchigayo, wa kabeseni akagayitsa pomwe wa matumba akudikirabe kuti ngolo itsitse ena. Wamkuluyo sachedwa ngakhale pang'ono, wamng'onoyo wapita kale.

Apa mpamene anzanga ambiri amadzipweteka. Poopa kuti ntchito ingadulidwe, amapempha maola 48 pa chinthu cha maola atatu, ndiye sichikwana pampata uliwonse. Kuopako n'komveka, chifukwa nthawi imene unapempha ikatha Slurm imaimitsa ntchitoyo ngakhale itatsala pang'ono kumaliza. Ine ndimayang'ana pa sacct, lamulo loonetsa mbiri ya ntchito, kuti ntchito zam'mbuyo zinatenga nthawi yotani, n'kuwonjezerapo pang'ono. Zanga zimalowa msanga.

Musayembekezere ndondomeko yangwiro. Kupeza kagawidwe kabwino koposa pa mapurosesa ambiri ndi limodzi mwa mavuto amene akatswiri amati NP-hard, kutanthauza kuti palibe njira yodziwika yowathetsera mwachangu, koma njira zachidule sizilephera kwenikweni. Mu 1966 Ronald Graham wa ku Bell Labs anatsimikiza kuti, pa ntchito zofuna purosesa imodzi imodzi, kungopatsa ntchito purosesa iliyonse imene yamasuka sikungatalikitse nthawi kufika powirikiza kawiri nthawi ya kagawidwe kabwino koposa.

Palinso fair-share: amene wagwiritsa ntchito makina kwambiri masiku apitawa amatsitsidwa pamzere. Kumawawa ukakhala iweyo, koma n'chilungamo.

Pofooka pake ndi pa kufotokoza. Ukafunsa squeue, lamulo loonetsa mzere, chifukwa chimene ntchito yaimira, nthawi zambiri imangoti Priority kapena Resources, zomwe wongoyamba kumene sizimuthandiza. Kuiika pa makina nakonso kumafuna munthu wodziwa Linux bwino. Amene muli ndi kompyuta imodzi yokha musavutike nayo, koma labu imene anthu ayamba kukanganirana makina iike Slurm, ndipo wina akhale pansi ndi ophunzira atsopano kuwaonetsa kapemphedwe ka nthawi.