Mapepala a phula oyambira zisa: njuchi zawalandira bwino

Ndagwiritsa ntchito mapepala a phulawa nyengo yonse ya maluwa, ndipo ndidzagulanso. Ndi mapepala opyapyala osindikizidwa maonekedwe a tizipinda ta chisa, omwe amaikidwa mumng'oma kuti njuchi zimangirepo zisa. Phula lake ndi lenileni la njuchi. Fungo lokha limachitira umboni, komanso njuchi sizinazengereze kukweza makoma pa tizipinda tosindikizidwa kaleto.

Ndinawagula pofuna kuchepetsera njuchi ntchito, chifukwa kumanga chisa kumazidyera uchi wambiri. Phula limachokera m'thupi mwa njuchi zantchito za masiku pafupifupi 12 mpaka 18. Limatuluka ngati timamba toyera m'tiziwalo 8 ta kunsi kwa mimba, ndipo zimalitafuna mpaka lifewe kenako n'kumamatira. Kuti zipange kilogalamu imodzi ya phula, zimadya uchi wokwana makilogalamu 6 mpaka 8. Pepala likakhalapo, maziko amakhala atatha kale, ndipo zimapalako phula lina la pepalalo n'kumangira makoma.

Zisa zatuluka zowongoka, zosalumikizana ndi felemu (chimango chogwira chisa mumng'oma) yoyandikana nazo, choncho pokolola sindikuphwanyanso zisa za ana. Ndikanyamula chisa chodzaza ndimazizwa nachobe. Tizipinda tonse n'tambali 6, togundana misana mbali ziwiri za chisa, ndipo khoma lililonse limagwira ntchito pa tizipinda tiwiri. Makomawo ndi opyapyala osafika gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, koma amasenza uchi wolemera kuposa phulalo kutalitali. Kamwa la kachipinda kalikonse limapendekera m'mwamba pang'ono kuti uchi wosakhwima usatayike. Kupendekaku pepala silikulamula, njuchi zimachita zokha. Mu 1999 katswiri wa masamu Thomas Hales anatsimikizira kuti pogawa malo m'zigawo zofanana, mbali 6 ndi zomwe zimafuna makoma ochepetsetsa.

Dandaulo langa n'lakuti wogulitsa sanalembe kukula kwa tizipinda. Si nkhani yaing'ono ayi, poti njuchi za ku Africa zimamanga tizipinda tocheperako kuyerekeza ndi za ku Ulaya, ndipo wogula ayenera kudziwa zomwe akuika mumng'oma wake. Mapepala ena anafika atapindika m'mphepete chifukwa cholongedzedwa mosasamala. Phula limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, koma limayamba kufewa lisanafike n'komwe pamenepo. Muwasunge chogoneka pamalo ozizira, ndipo muwamangirire bwino pa waya wa felemu musanawalowetse mumng'oma.